Kokadyetsa alendo chakudya chakwathu mu Blantyre: kuhotela, kulesitilanti, kumsika kapena pakhomo?

Alendo akatsika ndege ku Chileka kapena basi pa Wenela n'kunena kuti akufuna kulawa chakudya cha kuno, wowalandira amakhala ndi funso lovuta kuposa mmene limamvekera. Malo odyera mumzinda wa Blantyre ndi ochuluka, koma ambiri mwa amene ali ndi zikwangwani zooneka patali, m'misewu ya Victoria Avenue ndi Haile Selassie kapena ku Chichiri, amatchuka ndi chipisi ndi nkhuku yokazinga, pitsa, zakudya za amwenye ndi za ku China. Nsima yabwino ikuphikidwa mumzindamu tsiku lililonse, koma kawirikawiri imapezeka kumalo osadzilengeza, amene munthu amawadziwa pouzidwa ndi mnzake wa kuntchito kapena dalaivala wa takisi. Njira zimene wolandira alendo angatsate ndi hotela yaikulu, lesitilanti ya zakudya zakwathu, malo odyera a mumsika, malo ootchera nyama, ndiponso kuphika pakhomo, ndipo njira zimenezi sizilingana ngakhale pang'ono pa kakomedwe ka chakudya, pa mtengo, ndi pa ulemu umene mlendo amaona kuti wapatsidwa.

Musanaganize za malo, ganizirani kaye za mlendoyo, chifukwa mawu akuti chakudya chakwathu samveka mofanana kwa aliyense. Mzungu amene wabwera ku msonkhano amafuna kuona nsima, kuphunzira kutema mbamu ndi kulawa ndiwo zingapo pang'onopang'ono. M'bale amene wakhala zaka zambiri ku Johannesburg kapena ku London amabwera ndi njala ya zinthu zodziwika, monga nkhuku ya lokolo, therere, usipa wofutsa ndi thobwa, ndipo iye sangapusitsidwe ndi ndiwo zophikidwa mwachidule chifukwa lilime lake likukumbukira. Koma apongozi kapena amalume amene achokera kumudzi ku Ntcheu kapena ku Phalombe ndi nkhani ina. Iwo amadya mgaiwa ndi chisoso chaka chonse, ndipo kuwatengera kumalo okwera mtengo kuti akadye bonongwe kungaoneke ngati kuwapeputsa. Kwa iwo ulemu ndi mpunga, nkhuku kapena chambo, ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Anthu ambiri a m'tauni amalakwitsa pamenepa chifukwa amaganiza kuti chimene iwo akuchisowa ndi chimenenso mlendo wawo akuchisowa.

Muyeso umene ine ndimaudalira poweruza malo alionse ndi ndiwo zamasamba, osati nyama kapena nsomba. Chambo chokazinga angathe kuchiphika aliyense amene ali ndi mafuta okwanira ndi moto wabwino, koma nkhwani wotendera amafuna munthu amene wasadzula masambawo bwinobwino, wathira nsinjiro pa nthawi yake ndipo waima pamoto kutakasa kuti zisapserere. Chigwada chimafuna kusinjidwa mumtondo ndi kuphikidwa nthawi yaitali. Therere limafuna chidulo kapena soda wa muyeso, pakuti akachuluka limawawa ndipo akachepa silinanda. Malo amene amapereka repu kapena kabichi wokazinga yekha pambali pa ndiwo iliyonse, chaka chonse, akukuuzani okha kuti m'khitchini mwawo mulibe amene amasamala za kaphikidwe kakwathu, ngakhale atakongoletsa makoma ndi malichero ndi mphasa.

Hotela zazikulu za pakati pa mzinda, monga Sunbird Mount Soche, Ryalls imene inayamba m'zaka za m'ma 1920, ndi Amaryllis, ndi zimene anthu ambiri amayamba kuziganizira, ndipo pali zifukwa zomveka. Kumeneko kuli poimika galimoto, zimbudzi zosamalika, jenereta magetsi akathima, makina olipirira ndi khadi, ndi operekera zakudya amene angafotokozere mlendo m'Chingerezi chimene chili m'mbale. Ngati mlendo wanu ndi bwana wa kuntchito, wokalamba amene sangakhale pabenchi, kapena munthu amene wangofika kumene m'dziko muno ndipo m'mimba mwake simunazolowere, hotela imakuchotserani nkhawa zambiri. Komanso ngati chakudyacho ndi cha madzulo, hotela ndi imodzi mwa malo ochepa amene mungapeze nsima usiku mutakhala pabwino.

Chimene muyenera kudziwa n'chakuti khitchini ya hotela iliyonse imaphikira anthu a mitundu yambiri nthawi imodzi, choncho zakudya zakwathu zimakhala gawo limodzi chabe la mndandanda wautali. Nsima ndi chambo zimapezeka, koma simungayembekezere kuti tsiku lililonse mudzapeza mfutso, khwanya kapena matemba otendera. Nthawi yabwino yopita kuhotela ndi pamene akonza chakudya chodzitengera wekha masana, chifukwa pamenepo mlendo amaona miphika yambiri n'kutapa pang'ono paliponse. Imbani foni dzulo lake ndi kufunsa kuti ndiwo zakwathu zimene zidzakhalepo ndi ziti, ndipo funsaninso ngati mtengo umene akutchulawo waphatikiza kale msonkho, pakuti pa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi kusiyana kwake kumaoneka.

Njira imene ndimaiika patsogolo kwa alendo ambiri ndi lesitilanti yapakatikati yophika zakudya zakwathu zokhazokha. Malo oterewa amapezeka m'nyumba zakale zimene anazisandutsa modyera, kumbuyo kwa maofesi a m'tauni, cha ku Ginnery Corner, m'madera oyandikana ndi Chitawira, Naperi ndi Namiwawa, ndiponso ku Limbe. Ambiri amayendetsedwa ndi amayi amene anayamba ndi kuphikira anthu a m'maofesi chakudya cha masana, ndipo makasitomala awo ndi anthu omwewo tsiku ndi tsiku, zimene zimawakakamiza kusunga kakomedwe kamodzimodzi, chifukwa kalaliki amene wapatsidwa nyemba zosapsa Lolemba sabweranso Lachiwiri. Kumeneko mumaloza nokha ndiwo m'miphika, mumasankha pakati pa nsima ya ufa woyera ndi ya mgaiwa, ndipo malo ena amaphika kondowole, nsima ya chinangwa imene anthu a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota amaikonda, komanso mpunga wa Kilombero wa ku Karonga umene fungo lake limamveka musanalowe pakhomo. Sinditchula maina a malo amenewa mwadala, chifukwa amasamuka, amasintha eni ake, ndipo wophika wabwino akachoka dzina limatsala koma ndiwo zimasintha.

Malo amenewa ali ndi lamulo limodzi losalembedwa, lomwe ndi nthawi. Miphika imaphulidwa cha m'ma 12 koloko, ndipo pofika 1 koloko anthu a m'maofesi amakhala atadzaza mipando yonse. Ikamakwana 2 koloko nkhuku ya lokolo imakhala itatha, masamba otendera atsala okanirira pansi pa mphika, ndipo nsima yayamba kuuma pamwamba. Wofuna kudyetsa alendo afike 12 koloko isanapitirire kwenikweni, ndipo akumbukire kuti Blantyre ndi Limbe, ngakhale anaphatikizidwa kukhala mzinda umodzi mu 1956, akadali matauni awiri olumikizidwa ndi msewu wa Masauko Chipembere, umene masana umadzaza magalimoto ndi maminibasi. Kuchoka ku Mandala kukadya ku Limbe pa nthawi ya nkhomaliro ndi kudzipatsa ntchito yopanda chifukwa ngati pafupi pomwepo pali malo abwino. Ambiri mwa malesitilanti amenewa satsegula Lamulungu, ena amatseka Loweruka chifukwa eni ake ndi a Sabata, ndipo madzulo ochepa okha ndiwo amaphika.

Ubwino waukulu wa malo oterewa ndi wakuti mungathe kulankhula ndi mwini wake maso ndi maso. Pitani nokha tsiku limodzi alendo asanafike, mudye, muone posambira m'manja ndi chimbudzi, kenako muwauze mayiwo kuti mawa kapena mkuja mubwera ndi anthu angati ndipo mukufuna chiyani. Mukasiya ndalama pang'ono ya chikole, ambiri amavomera kukusungirani tebulo, kupha nkhuku yapadera ndi kuphika ndiwo imene siinali pa ndondomeko ya tsikulo. Pa nkhuku pafunika maso, popeza dzina la lokolo likugwiritsidwa ntchito mosasamala masiku ano. Nkhuku yeniyeni ya kumudzi ili ndi mafupa olimba, mnofu woderako ndi wogwira ku fupa, ndipo msuzi wake umakoma popanda zokometsera zambiri, pamene nkhuku yoikira mazira imene yakalamba imalimba mofananako koma msuzi wake ndi wozizira kukamwa.

Chambo chiyenera kukambidwa pachokha, chifukwa ndicho chimene mlendo aliyense wamva mbiri yake asanafike. Blantyre sali m'mbali mwa nyanja, ndipo chambo chimene chimadyedwa kuno chimayenda maola angapo kuchokera ku Mangochi kapena ku Monkey Bay, china chochokera m'nyanja mwenimweni ndipo china choweta m'makhola a m'madzi monga a kampani ya Maldeco. Nsombayi yachepa kwambiri m'nyanja poyerekeza ndi kale, moti mu 2018 bungwe la padziko lonse loona za chilengedwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pachiopsezo chachikulu chakutha, ndipo chaka chilichonse kuyambira mwezi wa November boma limaletsa kupha nsomba ndi makoka ena kuti ziswane. Zotsatira zake n'zakuti mtengo wa chambo ndi wokwera, ndipo si nsomba iliyonse yogulitsidwa ndi dzina limenelo imene ili chambo, pakuti makumba a m'madamu amafanana nacho kwa munthu wosazolowera. Makumba si oipa, koma musalipire mtengo wa chambo. Ngati mlendo ali ndi mtima wofuna kudziwa zimene Amalawi ambiri amadya, mbale ya usipa kapena utaka wothira tomato ndi anyezi, matemba a ku Chilwa, kapena kampango wowamba, imamuuza zoona kuposa chambo chimene mabanja ambiri amachiona patebulo mwa apo ndi apo.

Malo odyera a m'misika, monga msika waukulu wa Blantyre, wa Limbe ndi wa Ndirande, ndiwo otsika mtengo kuposa onse, ndipo kunena zoona ndiwo zina zimakoma kumeneko kuposa kwina kulikonse, chifukwa zimaphikidwa pa nkhuni kapena pa makala ndipo masamba amagulidwa m'mawa womwewo pa mabenchi oyandikana nawo, atangofika kuchokera ku Bvumbwe kapena ku Lunzu. Komabe si mlendo aliyense woyenera kupita naye kumeneko. Mipando ndi mabenchi ogawana ndi anthu osawadziwa, pena ndi pa chiimilire, utsi umalowa m'maso, ndipo nthawi ya dzinja matope amafika mpaka pakhomo. Mnzanu wachinyamata wokonda kuona zinthu angasangalale kwambiri, koma apongozi kapena abusa simungawakhazike pamenepo popanda kudzichotsera ulemu nokha.

Nkhani ya ukhondo m'malo amenewa si yoinyoza kapena kuikokomeza. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unavuta kwambiri mumzinda uno, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023, ndipo anthu ambiri anaphunzirapo kuyang'ana madzi asanayang'ane mphika. Nsima yotentha ndi ndiwo zongophulidwa kumene sizikhala ndi vuto kawirikawiri. Zoyenera kusamala ndi madzi akumwa, saladi wa kabichi ndi tomato wosaphika, thobwa losadziwika kumene lachokera, ndi beseni limodzi losambiramo m'manja anthu onse. Malo abwino, kaya ndi mumsika kapena m'tauni, amakuthirirani madzi kuchokera m'jagi kapena ali ndi ndowa ya mpopi ndi sopo pambali. Mlendo wochokera kunja mumugulire madzi a m'botolo, ndipo tsabola wa kambuzi kapena wa Nali mumuchenjeze asanathire, chifukwa ambiri amamuyesa ndi maso n'kulira pambuyo pake.

Madzulo mzinda umasintha, ndipo chakudya chakwathu chimene chimapezeka mosavuta ndi cha pamoto: kanyenya wa mbuzi, nyama ya nkhumba, zinziri, zam'kati, mang'ina amene awira tsiku lonse, ndi chipisi cha pachiwaya. Malo ngati Kamba ndi misika ya m'makwalala a Chilomoni, Zingwangwa ndi Bangwe amadziwika ndi zimenezi. Kwa anzanu a msinkhu wanu amene akufuna kucheza, kuonera mpira ndi kumwa mowa wa Carlsberg, umene wakhala ukufululidwa mumzinda muno kuyambira 1968, njira imeneyi ndi yosangalatsa ndipo siidula kwambiri. Koma ndi chakudya cha pamowa, chaphokoso, chopanda masamba, ndipo sichingalowe m'malo mwa nkhomaliro yeniyeni. Sankhani nokha nyama isanaikidwe pamoto, ndipo konzekeranitu za galimoto yobwerera m'malo modalira kabaza usiku muli ndi mlendo.

Ena amalangiza kutuluka mumzinda, kupita ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Zomba. Maulendo amenewo ndi abwino chifukwa cha minda ya tiyi ndi mapiri, koma chakudya cha kumalo ogona alendo a kumeneko nthawi zambiri chimakhala chachizungu, choncho pitani kukaona dziko, osati kukafuna nsima. Chosiyana ndi mwezi wa October, pamene mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umachitika kwa Chonde ku Mulanje, kumene mlendo angalawe kalongonda, nyemba zimene zimafuna kuwiritsidwa maola ambiri ndi kutayidwa madzi kangapo zisanadyedwe, n'chifukwa chake malesitilanti saziphika wamba.

Kuphika pakhomo ndiko kumene makolo athu angakuone kukhala kulandira mlendo kwenikweni, ndipo pa kakomedwe palibe malo ogulitsa chakudya amene angapose khitchini ya mayi wodziwa ntchito yake. Pakhomo mumasankha nokha ufa, mumagula nkhuku yamoyo kumsika, mumaphika futali wa mbatata m'mawa ndi chigumu cha pa tiyi, ndipo mlendo amadya mosathamangitsidwa ndi wina wodikira mpando. Kwa apongozi, kwa ankhoswe, ndi kwa aliyense amene wabwera pa nkhani ya banja, njira ina iliyonse imaoneka yoperewera, chifukwa kuwatengera kulesitilanti kungamveke ngati simukufuna kuti aone pakhomo panu.

Koma tisabise kuti mtolo wa phwando lotere umagwera amayi ndi atsikana a pakhomopo, amene amadzuka m'bandakucha, amathera tsiku m'khitchini, ndipo nthawi zina samuona n'komwe mlendoyo mpaka potsanzikana. Madzi akasiya kutuluka pampopi kapena magetsi akathima pakati pa kuphika, zinthu zimene aliyense wokhala mumzinda uno amazidziwa, ntchitoyo imawirikiza. Mabanja ambiri tsopano amatsata njira yapakati: amaphika okha nsima ndi masamba, zimene zimafunika kudyedwa zotentha, n'kuitanitsa nkhuku, nyemba ndi nsomba kwa mayi wa lesitilanti amene amamukhulupirira, kapena amalemba ganyu mmodzi mwa amayi ophika pa maukwati kuti adzathandize tsiku limenelo. Mtengo wake sufika pa wa hotela, ndipo mwini nyumba amapeza mpata wokhala pansi ndi alendo ake.

Pali mafunso awiri oyenera kufunsa mlendo mosachita manyazi musanasankhe chilichonse mwa zonsezi. Loyamba ndi la chipembedzo. Msilamu amafuna nyama ya halaal, ndipo ku Limbe ndi m'tauni malo ambiri ali ndi chiphaso chake chopachikidwa pakhoma, koma pamalo ootchera nyama pamene nkhumba ndi mbuzi zimagona pa waya mmodzi simungamutengereko. Wa Seventh-day Adventist sadya nkhumba kapena nsomba zopanda mamba monga mlamba ndi kampango. Lachiwiri ndi la thupi: alendo ena, makamaka ochokera kunja, amadwala kwambiri akadya mtedza, ndipo popeza nsinjiro siioneka ngati mtedza ikalowa mu nkhwani kapena mu futali, ndi udindo wanu kunena. Wosadya nyama savutika kuno, chifukwa nyemba, nandolo, bowa ndi masamba zimakwana mbale yodzaza, bola mufunse ngati msuzi wothiridwa pamwamba si wa nyama.

Nyengo nayonso imasankhira munthu ndiwo. M'dzinja, kuyambira December mpaka March, ndi pamene nkhwani, bonongwe, chisoso, bowa ndi ngumbi zimachuluka, kenako mondokwa ndi maungu. Nthawi ya chiperoni, mu June ndi July, nandolo wamuwisi wa ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje amadzaza misika, mbatata ndi yambiri, ndipo mang'ina otentha amakoma kuposa nthawi ina iliyonse. M'chilimwe masamba a kumunda amasowa, ndipo malo odziwa kuphika amatulutsa mfutso, pamene osadziwa amabwerera ku repu ndi kabichi. Mlendo wobwera mu October asalonjezedwe bowa wamuwisi.

Pa kulipira, hotela zimalandira khadi, malesitilanti ambiri amalandira Airtel Money kapena TNM Mpamba, koma kumsika ndi pa kanyenya tengani ndalama za m'manja zosinthasintha, ndipo ngakhale kumene amalandira za pafoni khalani ndi zina m'thumba chifukwa netiweki imagwa pa nthawi yosayembekezeka. Mitengo yakhala ikusintha mofulumira chichokereni kutsitsidwa mphamvu kwa kwacha mu November 2023, choncho mtengo umene munauona miyezi ingapo yapitayo musaudalire, funsani patsikulo. Ngati alendo ndi akuluakulu, konzani za malipiro ndi mwini malo iwo asanakhale pansi kapena pamene akusamba m'manja, kuti pepala la bilu lisafike patebulo pamaso pawo.